Mpeni wa Aino

Moni nonse a pa gulu la banja lathu. Lero Lachinayi madzulo ndimalemba homuweki kukhitchini, Amayi atangofika kuchokera ku shifiti yawo ya kuchipatala, pamene kunabwera Aino ndi mayi ake. Aino ndi mnzanga wa m'kalasi, wa ku Finland uja. Akubwerera kwawo Loweruka, sadzabweranso.

Anandibweretsera mphatso yotsanzikira, kampeni ka m'chimake chachikopa. Kwawo amati puukko. Chogwirira chake anasema ndi agogo ake aamuna, n'kulembapo dzina langa, Tadala. Akuti kwawoko mpeni wotere umaupereka kwa munthu amene umamukhulupirira.

Amayi atangouona anati, "Pepani, koma mpeni kwa mwana wanga ayi. Ndaona ana ambiri obayidwa ku wodi kwathu."

Aino anali atausolola kale, nsonga italoza kwa iye mwini, chogwirira chili kwa ine, monga amaperekera kwawo. Anakhala choncho nthawi yaitali, dzanja lili m'malere. Ine ndinangoyang'ana pansi, osanena ngakhale zikomo. Kenako Aino anaubweza m'chikwama cha mayi ake, n'kutuluka osatsanzika.

Ndatopa nako kulira, ndipo Amayi sindikuwaimba mlandu. Amalume, kodi simungandisungire mpeniwo kwanu ku Woolwich mpaka nditakula? Azakhali, inu mukuona bwanji?

Amayi, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Pakamwa zinandikanika. Mawa ndikaweruka ndipita kwa Aino, ndikamupemphe kuti andipatsenso. Ndikaulandira ndi manja awiri, ngakhale ndikausiye komweko.