Mtondo Umene Unagwera Bambo Anga

Agogo aamuna, obala mayi anga, ndikawakumbukira chimayamba kundifika ndi fungo la mtengo wongodulidwa kumene, fungo la utomoni losakanikirana ndi thukuta, limene linkakanirira m'malaya awo ngakhale muwachape bwanji. Kwathu ku Kapondo ankadziwika ndi ntchito yogwetsa mitengo, nkhuni zake n'kumakagulitsa ku esiteti kowotchera fodya. M'mawa tinkadzutsidwa ndi nkhwangwa yawo ikunoledwa pamwala kuseri kwa nkhokwe, kenako chifuwa chawo cha fodya wopichira.

Anali munthu wovuta, ndisabise. Ukaswa mbale n'kunena kuti yangogwa, ankakukhazika pansi n'kukufunsa kuti unaiika pati, m'manja munali chiyani, maso anali kuti, mpaka utalira. "Palibe chinthu chongochitika," ankatero. "Ndi ulesi wofufuza basi." Chonyansa n'choti mitengo inkawavomereza. Ankauzungulira mtengo, kuyang'ana kumene nthambi zalemera, kuwaza dothi m'mwamba kuti aone mphepo, n'kuloza pansi ndi chala. Unkagwera pomwepo.

Bambo anga anali mkamwini pamudzipo ndipo ankawathandiza. Chaka chimene ndinayamba kutunga madzi ndekha, anapita awiriwiri kukagwetsa mtondo m'mbali mwa dambo. Agogo analoza kuvuma, kotulukira dzuwa, bambo n'kukaima kuzambwe, kolowera dzuwa. Mtengo unayamba kulira n'kupendekera kuvuma ndithu, kenako unapotoka pachitsa n'kubwerera. Bambo anawanyamula pangolo, koma kuchipatala sanakafike.

Maliro atatha, mayi anakhala pakhonde la agogo, mutu uli wometa.

"Ababa, munkati palibe chongochitika," anatero. "Ndiye ndiuzeni, wachititsa ndani?"

"Undipatse nthawi, Nabanda," anayankha agogo.

Anayamba kubwerera kuchitsa kuja, ine ndili pambuyo, chifukwa panalibenso wina wofuna kuyenda nawo. Ankagwada n'kusisita motemedwa muja ngati akufuna minga m'phazi. Anandionetsa kuti nkhwangwa inadya bwinobwino, mosapotoka. Anapeza kamphako ka chiswe mkati mwa thunthu, kosaoneka kunja. Anapeza chomera choyanga chimene chinakolanitsa nthambi za mtondowo ndi za mtengo wina. Anakumbukira kamphepo kamene kanadutsa, komanso kuti bambo anasuntha pang'ono kutola chipewa. Kenako anayamba kusaka mitondo ina yopendekera chimodzimodzi, yamphako yomwe, n'kuitema katemedwe komwe kaja, n'kuika chipika pamalo ngati pamene panaima bambo paja. Yonse inagwera kumene analoza. Chipikacho sichinakhudzidwe n'kamodzi komwe, ndipo ankabwerako nkhope itagwa kuposa popita.

Nthawi yonseyo mayi ankatha. Tulo anasiya, chakudya ankangochigwiragwira, munda unalowa thengo. Mbuzi zinathera kwa asing'anga, mpaka anawoloka malire kukaombeza ku Zambia. Kumeneko anauzidwa kuti ndi a Nangondo, mayi wamasiye woyandikana nafe, amene anakanganapo ndi bambo za malire a munda. Amalume anayamba kunena poyera zoti nyumba yaudzu siichedwa kupsa. Ine ndinkachita mantha, chifukwa a Nangondo ndi amene ankandizula mano ogwedera.

Tsiku lina tili pachitsapo, agogo anakhala pansi n'kuika nkhwangwa pamiyendo.

"Tereza, ndapeza zinthu zambiri," anatero. "Chiswe, mphepo, chipewa. Uchotsepo chimodzi, bambo ako bwenzi ali moyo. Koma mwa zonsezi palibe chimene chinkawafuna. Zinangokumana." Mawu omalizawo anawatulutsa ngati akulavula mankhwala owawa. "Tsono mayi ako sangagone ndi chiswe. Akufuna dzina la munthu."

Masana omwewo anaitana mayi ndi amalume pabwalo, anthu ena akumva.

"Musiyeni Nangondo," anatero. "Ndine. Ndinatema molakwika, ndinaona, koma ndinachita manyazi kunena."

Ndinatsegula pakamwa, agogo anangondiyang'ana, ndipo ndinatseka. Mayi sanalire. Anadzuka, anakatenga mbale imene ankapakuliramo agogo, n'kukaisiya pakhomo pawo ili yopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo sanawalankhulenso, ngakhale moni. Koma anayamba kudya, anayamba kugona, ndipo mvula yotsatira analima munda wonse. A Nangondo anakalambira m'nyumba yawo mpaka imfa yawo. Agogo anthu anasiya kuwaitana kukagwetsa mitengo, nkhwangwa inachita dzimbiri, ndipo ankadziphikira okha pamafuwa kuseri, utsi ukuwaliza maso. Ndinkawabera ndiwo n'kukawapatsa, iwo n'kumandikalipira kuti ndathira mchere wambiri. Atamwalira, mayi anakhala kutali ndi bokosi.

Lero mayi ndi okalamba, ndimakhala nawo pa Boma. Ana anga akafunsa za agogo awo aamuna, bambo anga aja, mayi amawayankha modekha, akusenda mtedza, kuti anaphedwa ndi kusasamala kwa apongozi awo. Zimandiwawa, ndipo nthawi zina ndimawakwiyira onse awiri, wakufa ndi wamoyo yemwe. Kangapo konse ndakhala nawo pamkeka nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena, kuti mayi asapite kumanda akudana ndi munthu wosalakwa. Koma ndimadziwa funso limene adzandifunsa ndikangomaliza, ndipo ine ndilibe dzina lina lowapatsa.