Mfundo ya Eduviges Argueta

Eduviges Argueta ndi mayi wamasiye wa zaka 71, wa ku Cacaopera m'mapiri a ku Morazán. Anabereka ana anayi. Awiri ali ku Amereka, mmodzi anafa ndi chikuku ali khanda. Wotsala, Nemesio, analowa m'phiri mu 1981 ali ndi zaka 16, kukamenya nkhondo pamodzi ndi otsutsa boma amene anthu ankangowatchula kuti "anyamata". Sanabwererenso.

Nkhondo itatha mu 1992, anyamata anatsika m'mapiri. Eduviges ankaima pamsewu n'kumasuzumira m'malole. Nemesio munalibe. Zoti anafa anali atavomera kale. Chimene ankafuna n'kudziwa pamene anamuika, kuti pa 2 Novembala, anthu akamapita ndi maluwa kumanda, nayenso akhale ndi pokasiya ake.

Pa chisankho cha 1994, ena mwa akuluakulu a anyamata aja anakhala aphungu. Anavula nsapato zamatope, navala majekete, nakakhala m'Nyumba ya Malamulo moyang'anizana ndi anthu omwe ankawasaka dzana lomweli. Eduviges atamva pa wailesi anati, "Ndiye kuti onse amatulukira khomo limodzi." Anagulitsa nkhumba yake, ananyamula chiwaya, nakwera basi ya ku San Salvador.

Anapeza kamalo pamsewu wopita kuchipata cha Nyumba ya Malamulo, pafupi ndi mayi wina wogulitsa khofi dzina lake Tránsito. Pamenepo anayamba kuotcha pupusa, timikate ta chimanga toika nyemba ndi tchizi m'kati. M'thumba la epuloni ankasungamo chithunzi chimodzi chokha chimene anali nacho: Nemesio ali ndi zaka 12, tsiku lolandira Ukalistia koyamba, tsitsi lopesa, milomo yotseka.

Sankakhazikika. Galimoto ikaima, iye watayako kale mtanda wa ufa, ali pawindo. Phungu, mlonda, mlembi, aliyense woyenda ngati munthu amene anazolowera kukwera phiri, ankamufunsa zimodzimodzi.

"Nemesio Argueta wa ku Cacaopera. Munamudziwa?"

Ena ankachiyang'anitsitsa chithunzicho. Ena ankangopukusa mutu akuyang'ana wotchi.

"Duvi, zikupserera!" Tránsito ankakuwa. "Unabwera kudzagulitsa chakudya kapena makala?"

"Tembenuza, manja uli nawo."

"Ine ndine wantchito wako kodi?"

Koma ankatembenuza.

Amene anamuuza vuto lake ndi Candelario, dalaivala wa phungu wina wamkazi wa ku Morazán. Anali wamfupi, wotsimphina, chitsulo cha bomba chidakali m'ntchafu. Ankadya pa Eduviges masana aliwonse, kwinaku akudikira kuti m'katimo amalize kukangana.

"Amayi, mukudzivutitsa," anatero tsiku lina. "Kuphiri kunalibe Nemesio, kunalibenso Candelario. Ukafika ankakupatsa dzina lina, lako lenileni n'kulikwirira. Kwanu sunkatchulako ngakhale kwa mnzako wogona naye bulangete limodzi, kuopa kuti akamugwira n'kumuzunza, asilikali akafika pakhomo pa amako. Ine ndinali Efraín zaka zisanu ndi zinayi. Mkazi wanga mpaka lero akakwiya amandiitana lomwelo."

"Nanga iyeyo anali ndani?"

"Mukundifunsa ine? Ndiye funso limenelo."

"Yang'ananso chithunzichi."

"Ndachiyang'ana ka makumi awiri. Kamwana kosamba bwino aka? Ife tinali ndevu, nsabwe ndi mafupa okhaokha."

Eduviges sanasiye kufunsa. Anangoyamba kufunsa mwaukali.

Zaka zitatu zinapita motero. M'katimo ankakangana za minda, za apolisi atsopano, za msonkho. Kuchipata kunkabwera olumala a mbali zonse ziwiri ndi zikwangwani, n'kubwerera. Eduviges ankamva zonsezo pa kawailesi ka Tránsito.

"Kulalatirana kuli bwino kusiyana ndi kuomberana," ankatero Tránsito.

"Alalatirane. Wanga sanamutchulepo."

Mu Malichi 1997 kunachitika chisankho china. Phungu wa Candelario sanaimenso. Candelario naye anali atapangana kale ndi munthu womudutsitsa kupita ku Amereka. Eduviges anaona kuti aphungu atsopano adzabwera ndi madalaivala atsopano, ana osadziwa phiri. Mawondo anali atayambanso kumuvuta. Anauza Tránsito kuti pa 30 Epulo, tsiku lomaliza la aphungu akalewo, nayenso akutseka.

Tsikulo anagulitsa mpaka 3 koloko. Kenaka anazimitsa moto, anatsitsa chipepala cha pulasitiki chotchinga dzuwa, nakulungiramo chiwaya, mipika ndi kabenchi. Anatulutsa chingwe cha khonje chimene anachokera nacho kwawo, namanga mtolowo. Candelario anabwera kudzatsazika ndipo anadzipereka kuunyamulira ku basi.

"Dikira, ndaiwala kuikamo sefa," anatero Eduviges.

Candelario anawerama, nagwira nsonga ya chingwe, nakoka kamodzi kokha. Mfundo yonse inamasuka, mtolo n'kuyadzamuka. Anakhala chiweramire, chingwe chili m'manja.

"Wadziwa bwanji pokoka?" anafunsa Eduviges. "Tránsito uyu akadavutika nayo mpaka mawa."

"Mangaininso."

"Basi indisiya."

"Amayi, chonde, mangaininso. Pang'onopang'ono."

Anamanganso. Eduviges ndi wamanzere, choncho mfundo yake imazungulira mobwerera. Anaiphunzira kwa bambo ake pomangira mitolo ya khonje pamsana pa bulu: imagwira ngakhale bulu akudumpha, koma ukakoka nsonga imagwa yonse. Ana ake atatu amene anakula anawaphunzitsa momwemo, mobwerera, ngakhale iwo sanali amanzere.

"Gulu lathu lonse tinkamangira machira athu ogonera m'mitengo ndi mfundo imeneyi," anatero Candelario. "Helikoputala ikamveka, kukoka kamodzi, machira paphewa, liwiro. Magulu ena ankadula zingwe ndi mpeni. Anatiphunzitsa ndi Wilfredo. Tinkamuseka kuti amamanga chadodolido ngati wamanzere pamene mfuti amagwirira kumanja. Iye ankati, kafunseni amayi anga."

Tránsito anagwira pakamwa. Eduviges sanagwedezeke.

"Ku Cacaopera omanga khonje ndi ambiri," anatero. "Anali wooneka bwanji?"

"Wamtali, wosayankhulayankhula."

"Ameneyo ndi aliyense."

Candelario anaganiza. Kenaka analoza dzino lake lakutsogolo. "Ili linali lothyoka theka. Ankati anamuponda bulu."

"Anali ndi zaka khumi," anatero Eduviges. "N'chifukwa chake pachithunzipo anatseka pakamwa."

Anakhala pansi pamtolo paja. Aka kanali koyamba Tránsito kumuona atakhala masana.

"Zaka zitatu wakhala ukundidyera pano, chitsiru iwe," Eduviges anauza Candelario.

"Mumakulunga m'mapepala, amayi. Chingwe sindinachionepo."

"Ali kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje wa Torola. Okutobala 1984. Anali atatu, bomba limodzi. Tinawaika dzenje limodzi pansi pa mtengo wa mango, panalibe nthawi. Ndinakumba nawo ineyo."

"Ukanyamuka liti ku Amereka kwako?"

"Loweruka."

"Sunyamuka Loweruka."

Sananyamuke. Anakwera basi awiriwo mpaka pamene msewu unathera, kwinako wapansi, wina wotsimphina, wina mawondo otupa. Malowo anali atasintha. Panali minda ya chimanga ndi mipanda ya waya, ndipo mitengo ya mango inalipo yambiri. Candelario anasochera masiku awiri. Eduviges ankamutsatira pambuyo akumukalipira. Tsiku lachitatu Candelario anapeza mwala wosongoka umene ankaukumbukira, nawerenga mapazi kuchokera pamenepo. Mango uja anali atadulidwa, panatsala chitsa.

"Ndi pano," anatero.

"Ukutsimikiza?"

"Ngati ndaphonya, ndaphonya ndi mapazi asanu."

Mwini munda, bambo wachikulire, analola kuti aikepo mtanda, bola asamuonongere chimanga. Za kufukula, Eduviges anakana. Anati mafupa a anthu atatu sangawasankhe, ndipo ena awiriwo ali ndi amayi awo amene mwina akadafunsabe ndi mayina olakwika.

Candelario anapita ku Amereka mwezi wotsatira. Amayendetsa lole ya zomangira nyumba. Eduviges anabwerera ku Cacaopera, ndipo pupusa anasiya kugulitsa. Pa 2 Novembala amapita ku munda uja pa bulu wa mdzukulu wa mchemwali wake. Mtandawo ndi wachitsulo. Analembapo Nemesio Argueta, m'munsi mwake Wilfredo. Mayina enieni a awiri enawo sakudziwika mpaka pano.