Manda Amene Sali pa Mapu

A Zakariya ndawadziwa zaka makumi anayi. Bodza alibe, ndipo amene amawanena kuti anagulitsa manda ndi anthu opanda manyazi.

M'masiku a Chitaganya kunabwera mzungu woyeza malo, kudzajambula mapu a dziko lino. Ankati mapuwo ndi oti adziwe modutsa misewu. Analemba a Zakariya ntchito yokoka unyolo woyezera, poti ankamvako Chingerezi cha kusukulu ya ku Mua.

Atafika pa msitu wa manda athu, kumunsi kwa Golomoti, mzunguyo anafunsa kuti muli chiyani m'katimo. Kwathu kuno manda sitiloza ndi chala, ndipo mlendo sitimuuza pogona makolo. A Zakariya anaweramitsa mutu nati, "Mulibe kanthu, bwana, ndi thengo chabe." Aliyense wa ife akadayankha chomwecho. Mzungu analemba kuti thengo.

Patapita zaka, dziko litalandira kale ufulu, kunabwera bwana wina, wakuda ngati ife tomwe, ndi thirakitala. Anati malo a msitu uja wapatsidwa kuti atsegule esiteti ya thonje. Tinamutsekereza. Iye anatambasula mapu aja pa boneti ya galimoto.

"Amadala, manda ali pati apa? Onani nokha."

"Manda sakhala papepala, achimwene," anatero a Namaliya, mlongo wawo wa a Zakariya. "Amayi athu agona pansi pa mkuyu uwo."

"Ndiye auzeni adzuke akadandaule okha."

Mkuyuwo unagwa tsiku lomwelo. Ndi pamene ndinadziwa ntchito yeniyeni ya mapu aja. Za misewu zinali zotiphimba m'maso. Ankafuna kudziwa malo oti adzalande osapempha munthu.

Mudzi wonse unatembenukira a Zakariya. Pamaliro akakhala pansi, anthu ankasuntha. Koma mwini thirakitala palibe anamunena, ena mpaka anakapempha ganyu kwa iye yemweyo.

Kunatsala kachigawo ka manda m'mphepete mwa mtsinje. A Zakariya analonjeza mlongo wawo kuti sadzafa kachigawoko kasanalembedwe pa mapu. Chaka chilichonse mvula ikatha amayenda wapansi kukwera mtunda wa Golomoti, kukagogoda m'maofesi a boma. Kumeneko amangouzidwa kuti woona za mapu wachokapo, abwerenso. Maondo awathera, a Namaliya tinawaika kale, ndipo lonjezolo likadali pamutu pawo. Chaka chino akukweranso, ine ndiwaperekeza.