Kaseti ya Telala pa Nazale ya Kabichi

Mwezi wotentha uja, mitengo itayoyola masamba, telala anabwerera kunyumba masana kudzatenga sizasi ina. Anapeza nyimbo zake zitayanikidwa kuseri kwa nyumba.

Mwamuna wake anali ataphwanya kaseti, n'kusolola tepi yonse, n'kuimangirira pa timitengo kuzungulira nazale ya kabichi. Inkanyezimira padzuwa, ikunjenjemera ndi mphepo. Mbalame zinali ndondondo pawaya, zikuopa kutera.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani?"

"Mwaiona nzeru? Chiyambire m'mawa palibe ndi imodzi yomwe yajompha."

"Mwaitenga kuti?"

"M'katoni muja. Ndasankha yosalembedwa kanthu, ya anthu okuwa ngati awaponda chala aja. Zanu zakwaya sindinakhudze."



Chimbale chimenecho telala anachipeza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chaka chimene bambo ake anamusiyitsa sukulu kuti alongo ake apitirize. Msuweni wake ndiye anamujambulira. Zinali nyimbo za roko, zisanu ndi zinayi, ndipo dzina la gululo sanalidziwe mpaka lero. Yoyamba inkayamba ndi ng'oma yokhayokha, kenako gitala wamagetsi n'kulowa akulira ngati sowo pa mtengo wouma. Woimba wake sankapempha chilolezo kwa munthu. Mawu ake mtsikanayo ankangotolapo awiri atatu, koma mkwiyo ankaumva wonse. Pakhomo pawo mwana wamkazi sankakweza mawu. Iye ankapita ndi wailesi kuseri kwa khola, dzinja lonse, mvula ikudontha m'khosi, munthu wachilendo uja n'kumamukuwira zonse zimene iye ankameza.

Makina osokera anawaphunzira akupalasa motsata ng'oma ya nyimbo yachitatu. Mpaka pano makasitomala amadabwa liwiro la phazi lake.

"Zaka makumi atatu ndaisunga," anatero. "Chiswe chinailephera. Ana anayi anailephera. Inu mwaipereka kwa kabichi?"

"Amayi, n'zakalekale izi. Mwana akupezerani pa foni."

"Akaifunse dzina lanji? Muimbireni inuyo, poti mumaidziwa!"

Bamboyo anatambasula dzanja kuti amasule tepiyo.

"Musaigwire. Manja anu ali ndi matope. Imani apo muzipirikitsa nokha mbalamezo, mikono muli nayo."

Kushopu telala sanabwererenso tsiku limenelo. Anamasula tepiyo kamtengo ndi kamtengo, thukuta likulowa m'maso. Inali itaduka patatu, pena itapota ngati chingwe. Anakhala pakhonde, n'kuiwongola pantchafu ndi chala, n'kulumikiza moduka ndi penti wa m'zikhadabo. Anaikulungira m'chigoba cha kaseti ina, akuzungulitsa ndi bolopeni. Mwana wake wamkazi atamufunsa za chakudya, anangomuloza kukhitchini ndi chibwano.

Dzuwa litapendeka anaiika mu wailesi n'kudina.

Ng'oma inabwera, koma yotsimphina. Gitala ankamira n'kuvuuka. Nyimbo yachitatu itafika pakati, mawu anazima, n'kungotsala mpweya wokhawokha, fooo.

Telala anadikira. Mawuwo sanabwerere.

Anakweza wailesi mpaka pamapeto. Kenako, mayi wa ana anayi, tepi yoyezera ili m'khosi, anatsegula kukamwa n'kuimba yekha pamene panafufutikapo, mokuwa, m'mawu amene sanawamvetsepo tanthauzo, osaphonya ngakhale limodzi. Aneba anasuzumira pampanda. Iye sanatsitse.