Phulusa ndi Jekete la Atsibweni

Ndikukumbukira m'mawa wina wozizira wa mwezi wa Juni, kumudzi kwathu kuseri kwa Lobi, pamene atsibweni anga a Kambani, mlongo wawo wa amayi, anafika pakhomo jekete lawo likugwedezeka lokha. Linali jekete lakalekale, lachigamba pachigongono, lonunkhira fodya wopota ndi utsi. Ine ndinali kusesa pabwalo, zala zitauma ndi chisanu. Anandikodola ndi chala, n'kumasula batani limodzi, ndipo m'katimo munasuzumira kamphuno konyowa. Kanali kagalu kotuwa, makutu aakulu kuposa mutu wake. Dzina silinativute. Tinangoti Phulusa.

"Ndakatenga kwa mnzanga ku Kabwazi," anatero atsibweni. "Ukasamale, Esinati. Kakaonda, ndidzafunsa iwe."

Amayi sanakondwe nazo m'pang'ono pomwe. Anati galu ndi wa anyamata osaka mbewa, osati mwana wamkazi amene sanathe n'kuphunzira kupeta komwe. Abambo, omwe mtima wawo wonse unali ku kwaya ya kutchalitchi, anangoti bola asamalowe m'nyumba. Usiku wa tsiku lomwelo Phulusa anagona m'nyumba, kumapazi anga.

Ntchito yanga ya masana tikaweruka kusukulu inali kutola nkhuni kuphiri la kuseri kwa mudzi. Kale ndinkapita monyinyirika, mlomo utatalika. Phulusa atangolimba miyendo, amayi anayamba kudabwa kuti nkhuni zikudzaza kuseri kwa khitchini popanda wondituma. Tinkadutsa m'minda yokololedwa kale, mapesi akulira pansi pa mapazi, kenaka n'kulowa m'tsekera wotalika kuposa ine. Phulusa ankatsogola ngati amadziwa njira, koma akangomva tswa m'udzu, ankabwerera liwiro n'kudzabisala pakati pa miyendo yanga. Sindinaonepo galu wamantha ngati ameneyo. Ankauwa chitsa, ankathawa chule, ndipo tsiku lina nkhwali itauluka pafupi ndi mphuno yake anagwa chagada n'kugubuduzika mpaka m'kakhwawa. Anatulukamo thupi lonse lili chisoso chokhachokha, ine misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Pamwamba pa phirilo panali mwala waukulu wosalala, wotentha bwino ndi dzuwa ngakhale mphepo ya mwera ikuwomba. Pamenepo ndiye panali pathu. Mbira zinkaothera dzuwa m'ming'alu, zikumuyang'ana Phulusa mopanda ulemu, chifukwa zinali zitamudziwa kale kuti sangazichite kanthu. Tikakhala pamwalapo tinkaona mudzi wonse: madimba obiriwira a kachewere ndi kabichi m'mbali mwa mtsinje, malata a tchalitchi akung'anima, bwalo la gule pansi pa mtengo wa kachere, ndi msitu wakuda wa kumanda chakumanzere. Nyengo ya masuku tinkadya mpaka mimba kulimba. Ine ndinkalavula nthanga, iye ankameza zonse, n'kumadzadandaula usiku.

Ngakhale ndinkamudyetsa ndine, ndinkamuchotsa nkhupakupa ndine, mtima wa Phulusa unali kwa atsibweni. Mwina ankakumbukira kutentha kwa jekete lija, mwina inali mitu ya mbewa yomwe ankamubweretsera m'thumba. Anali ndi moni wake wa iwo okha, womwe sankapereka kwa munthu wina aliyense. Akawaona, ankathamanga n'kukakhala tsonga pa phazi lawo lamanja, n'kuyamba kunyambita chala chachikulu cha phazi linalo, akulira ngati kamwana, kenaka n'kugona chagada kuti amukande pamimba. Mudzi wonse unkaudziwa moni umenewu. Amayi akamva kulira kumeneko ali kuseri, ankangoti, "Yala mphasa, atsibweni ako afika."

Atsibweni sankapita kutchalitchi. Anali olowa gule, monga amuna ambiri a m'mudzi mwathu, ndipo zimenezo sizinali zobisika. Chobisika chinali china. Ife ana ndi amayi athu tinkadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti zilombo zovina pabwalo zimachokera kumanda, si anthu, ndipo wonena zosiyana ndi zimenezo ankaputa mlandu woti banja lonse ligwire mutu.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, m'nyengo yotentha udzu utapsa kale m'phiri, tinkatsika ndi mtolo wa nkhuni. Ndinasankha njira yachidule yodutsa m'mphepete mwa msitu wa kumanda. Mwadzidzidzi ndinamva kukuwa kwa mawu aang'ono akuthwa, ndipo patsogolo pathu panatulukira kang'wingwi, chilombo chothamangitsa anthu chija, thupi lonse lili matope, kumutu nthenga zokhazokha, chikwapu m'manja. Mtolo unagwa wokha. Ndinadziponya kuseri kwa mwala, ndikuyembekeza kuti Phulusa adzadzipanikiza pakati pa miyendo yanga monga mwa masiku onse.

Sanabwere. Nditasuzumira, ndinamuona ataima pakati pa njira, mphuno m'mwamba. Ananunkhiza, n'kununkhizanso. Kenaka mchira unayamba kugwedezeka. Galu wothawa chule uja anathamangira chilombo, n'kukakhala tsonga pa phazi lake lamanja, n'kuyamba kunyambita matope a pa chala chachikulu cha phazi linalo, akulira ngati kamwana.

Chilombo chinaponda pansi mwaukali. Phulusa anagona chagada. Chinazunguza chikwapu m'mwamba, iye anayesa masewera n'kuyamba kulumphira nsonga yake. Chinakuwa, iye anayankha. Pomaliza chilombo choopedwa m'midzi yonse ya kuno chinatembenuka n'kuthawa, kagalu kali pambuyo, makutu akuuluka. Ndinachita kumuitana mpaka mawu kusasa kuti abwerere. Chisanalowe mumsitu, chilombocho chinacheuka n'kuyang'ana kumwala kumene ndinabisala, ndipo ine ndinatsinzina msanga. Ndinadziwa chimene ndaona, ndipo ndinadziwanso kuti sindinayenera kuchiona.

M'mawa mwake atsibweni anafika molawirira. Anakhala pamphasa ndi amayi, Phulusa ali pa phazi lawo, koma ine sanandiyang'ane. Anati galuyu wakula tsopano, ndipo mlamu wawo wa ku Kasina akusowa mlonda wa munda chifukwa anyani amutha nzeru. Anati amutenga Loweruka lisanafike. Amayi anavomera mwachangu, akuwerengera mazira onse amene Phulusa anawamwera. Zoti Phulusa angaopseze nyani zinali zoseketsa, koma ine sindinaseke. Loweruka limenelo kunali gule wa chiliza cha mkulu wina wa m'mudzi, ndipo ndinamvetsa. Phulusa akanangopereka moni wake uja pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana onse, atsibweni akanasenza manyazi ndi mlandu wa kudambwe, komwe amuna a gule amakambira zawo, ndipo galu wanga sakanaona dzuwa lotsatira. Ku Kasina kunali kumupulumutsa. Koma kwa ine kunali kumutaya basi, ndipo mtima unandipweteka kwambiri.

Vuto linali lakuti sindikanatha kutsutsa popanda kuonetsa kuti ndikudziwa chifukwa chake. Ndinalira kuseri kwa nkhokwe mpaka misozi kutha, kenaka ndinawatsatira kudimba, komwe ankathirira kabichi. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere.

"Atsibweni, Phulusa amakonda kuphiri."

"Ku Kasina mapiri aliko," anayankha osatukula mutu.

"Koma ine ng'oma zimandipweteketsa mutu. Ndikupempha kuti tsiku lililonse ng'oma ikamalira pabwalo, ndizikwera naye pamwamba penipeni, ndizitsika italeka."

Anaika kheni yothirira pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzulo unaona chiyani kunjira ya kumanda, iwe Esinati?"

"Ndinaona chilombo, atsibweni. Ndinabisala."

"Nanga galu wakoyu?"

"Galu alibe nzeru, atsibweni. Amangonyambita chilichonse."

Anatsokomola chitsokomolo chachilendo, atatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Atamaliza anapukuta m'maso n'kunyamulanso kheni. "Akangokupulumuka kamodzi kokha, wapita," anatero.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Ndinamangirira Phulusa chingwe cha khonje, ndinatenga mbatata yophika ndi botolo la madzi. Ndikunyamuka, amayi anandipatsa jekete la atsibweni, nkhope yawo ili yodabwa. Anati atsibweniwo alisiya m'mamawa, akuti mwanayu asakazizidwe kuphiri. "Kuzizira kwake kuti, kutentha konseku?" anafunsa amayi. Nanenso sindinamvetse, koma ndinalikulunga n'kuliika pamutu ngati nkhata.

Tinafika pamwala wathu ng'oma zisanayambe. Pansi, anthu ankaoneka ngati nyerere zikusonkhana pa kachere. Kenaka ng'oma ya mbalule inalira, zinzake n'kuyankha, nyimbo za amayi n'kukwera phiri ndi mphepo. Phulusa anaimika makutu. Iye pamene pali gulu la anthu ankadziwa kuti pagwa chakudya, ndipo sankafuna kuphonya. Anayamba kulira, kukoka, kuzungulira. Ndinamupatsa mbatata, anameza osatafuna n'kupitiriza kukoka. Ndinakulunga chingwe m'dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Ndiye anachita zimene sindinaganizire: anabwerera chambuyo, n'kupinda makutu aja, mutu n'kupulumuka m'chingwe ngati sopo.

Ndinatsala ndi chingwe chopanda kanthu m'manja, iye akutsika phiri, fumbi lili koboo. Ndinamuitana, sanacheuke. Ndinathamanga, ndinapunthwa, bondo linasupuka pamwala. Mwamantha ndinagwira chimene chinali pafupi, jekete lija, ndinalitambasula n'kuyamba kulikupiza m'mwamba ndikuimba likhweru la atsibweni, lomwe ndinkalidziwa bwino. Phulusa anaima. Anacheuka, n'kuona jekete likuuluka pamwamba pa mwala, mphepo ikumutengera fungo la fodya ndi mbewa. Anayang'ana kumudzi, anayang'ana kwa ine, ndipo pamenepo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene abambo anandiphunzitsa. Kenaka mchira unagwedezeka, iye n'kuyamba kukwera.

Ndinayala jeketelo pamwala. Analinunkhiza kolala, m'matumba, pachigamba paja, n'kuzungulira, n'kudzipinda pakati pake. Ng'oma zinalira mpaka dzuwa kufiira, koma iye sanatukulenso mutu. Ine ndinakhala pambali ndikupukuta magazi a pabondo ndi tsamba, ndikuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa cha chimwemwe. Atsibweni ankamudziwa galuyo kuposa ine.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wathu. Ng'oma ikati ilire, jekete linkapezeka litakolekedwa pa nkhokwe yathu, ndipo ine ndi Phulusa tinkauyatsa wa kuphiri. Amayi anafika pokhulupirira kuti ndili ndi mutu waching'alang'ala, ndipo abambo ankanyadira kwa anzawo a kwaya kuti mwana wawo sapita n'komwe kukaonera gule. Anzanga ankandimvera chisoni. Ankandifotokozera za kang'wingwi wina amene ankavina kuposa onse, wopalasa fumbi mpaka amayi kusasa mawu ndi nthungululu. Ine ndinkangoti, "Eti?" koma m'mtima ndikufufuma ndi kunyada. Madzulo ake atsibweni ankadutsa pakhomo, mawu atasasa, akudandaula za kutalika kwa ulendo wa ku Kasina kumene ati anachokera. Nthawi zina kuseri kwa khutu lawo kunkatsala kadothi kouma. Phulusa ankalandira mutu wa mbewa, ine nzimbe, ndipo palibe ankafunsa mnzake kanthu.

Phulusa anakalamba pakhomo pathu, ndipo ku Kasina sanakupondeko. Anyani a kumeneko sadziwa mwayi wa kuseka umene anauphonya. Atafa tinakamuika kuphiri, pafupi ndi mwala wathu, ndipo atsibweni anachita kuvula okha jekete lija kuti timukulungemo.

Lero ndimakhala m'tauni, komwe agalu amakhala kuseri kwa mipanda ya njerwa, ali ndi mbale zawo ndi dokotala wawo, ndipo eni ake amawayendetsa pa chingwe chogula m'sitolo. Ana anga amaonera gule pa foni, amaimitsa chithunzi, amachikulitsa ndi zala. Phiri lathu nalonso linameteka, masuku atsala owerengeka, mbira zinasamuka. Koma ine chimene ndinaona kuseri kwa mwala uja sindinachitchulepo ndi pakamwa panga, ndipo ngati mwamvapo kanthu m'nkhaniyi, mwamva kwa galu.

Atsibweni anatisiya zaka zingapo zapitazo, ali nkhalamba yokwanira masiku. Pamaliro awo zilombo zinatuluka zambiri kudzawatsanzika, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuima pabwalo kuyambira ng'oma yoyamba mpaka yomaliza. Kang'wingwi anatulukanso, wamphamvu, wothamanga, ndipo anthu anamuyamikira. Mwana wanga wamkazi anandigwedeza mkono.

"Amayi, anthu onse akuonera gule, inu mukuyang'ananji pansi?"

Ndinkayang'ana mapazi. Ndinawayang'ana onse, limodzi ndi limodzi, m'fumbi lofiira lija. Phulusa akanakhalapo tsiku limenelo, sindikanavutika n'kumumanga chingwe kapena kukwera naye phiri. Pabwalo ponsepo panalibenso phazi loti akakhalepo.