Nyimbo ya a Ofeliya ndi mpando wa alendo

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kumsika kachiwiri, ndinauza achemwali anga a Lusiya kuti ndikupita ku Joni. Tinali pakhonde kwathu kumapiri a ku Ntchisi, mwana wanga Tadala, wa zaka zinayi, ali pamiyendo panga. Bambo ake anali atapita kale kukakwatira kwina.

"Chaka chimodzi chokha, achemwali. Ndikangopeza malata ndi fizi, ndabwera."

"Pita. Mwanayu ndi wanga yemwe," anatero iwo.

Chaka chimodzicho chinabala zisanu ndi zitatu.

Kwathu dziko lonse lija timangoti Joni, koma ine ndinakathera ku Cape Town, komwe mnzanga wa ku Mponela anandipezera ntchito yosamalira mayi wina wokalamba. Dzina lawo linali Ofeliya, kwawo ku Cuba. Tsiku loyamba ndinawagwadira nkuwatchula kuti agogo. Anandiyang'ana kuchokera kuphazi nkunena kuti, "Gogo ndi iweyo. Ine ndine woimba." Ndinadziwa pomwepo kuti pano ndakumana nazo.

Kuimbako sikunali kwa nthabwala. Chipinda chimodzi chinali chodzaza malekodi, mawigi ndi madiresi onyezimira oti kumpingo kwathu akanakuitanira kubwalo. Mbiri yawo ankandiuza ndikuwasambitsa. Ali mtsikana anachoka kwawo ndi bandi kukaimba kunja miyezi itatu, nkusiya kamnyamata kawo ka zaka ziwiri m'manja mwa amayi awo. Ali kunjako analankhula pawailesi mawu amene olamulira a kwawo sanawakonde. Khomo lobwerera kwawo linatsekedwa, ndipo nyimbo zawo zinaletsedwa. Anaimba ku Mexico, anaimba ku Spain, anthu akuchita kulimbirana matikiti, kenako anakwatiwa ndi mwamuna wa ku South Africa amene anawasiya amasiye. Pamene kwawo kunayamba kutseguka, miyendo inali itatha, amayi awo ali m'manda.

Nyimbo imene inawatchukitsa inali yotonthoza mwana, ndipo anaipekera kamnyamata kaja. Maiko onse anaimva, kupatula mwanayo.

Lamlungu lililonse masana ankadzola milomo, kuvala wigi, nkundiuza kuti ndiwaimbire foni mwana wawoyo. Pagalasi la foniyo pankaoneka bambo wa imvi. Chilankhulo chawo sindinkachimva, koma ulemu umamveka m'chilankhulo chilichonse. Ankacheza pang'ono, nkutsanzikana. Tsiku lina atavula wigi anati, "Wamuona? Sanandinyozepo. Amandilemekeza ngati mlendo."

Ine ndinali ndi foni yanga. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, malata anagulidwa, Tadala anayamba sukulu ali ndi nsapato. Koma netiweki kwathu imagwira pachulu chakuseri kwa tchalitchi basi, ndipo ndi yofooka moti chithunzi sichitseguka, choncho nkhope sitinkaonana. Ndinkangojambula mawu nkutumiza, achemwali akakwera pachulupo nkumumvetsera. Zokamba zikandithera ndinkamuimbira nyimbo ya a Ofeliya ija, mawu ake ndikuwapotoza mmene lilime langa la Chichewa linkafunira. A Ofeliya ankagwira mutu, amvekere ndawaphera nyimbo.

Ndinali ndekha, ndisabise. M'nyumba yonse ija tinali azimayi awiri, aliyense mwana wake ali m'foni. Mapepala anga anali atatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangodutsa pachipata cha m'malire, kubwereranso kudzavuta. Chaka chilichonse ndinkati ndipita chikubwerachi.

"Ine ananditsekera ndi asilikali," anatero a Ofeliya tsiku lina ndikuwapesa. "Iwe wakutsekera ndani?"

Ndinakwiya, tsiku lonse sindinawalankhule.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Pamaliro tinalipo anthu owerengeka, popanda wogona pasiwa, popanda kwaya. Mtembo anautentha, phulusa nkulitumiza kwa mwana wawo m'kabokosi konga ka tiyi. Sabata yomweyo ndinagula tikiti ya basi.

Kwathu anandilandira bwino kwambiri, ndipo ndi zomwezo zinandipweteka. Ndisanatule nkomwe chikwama, mpando unali utatuluka, uja timasungira abusa ndi alendo. Azimayi onse anakhala pamphasa, ine pamwamba ndekha. Kenako kunabwera mtsikana wamtali, nkugwada chapatali, maso pansi.

"Mwayenda bwanji, amayi aku Joni?"

Anali Tadala. Ndinatambasula manja, iye anandipatsa dzanja limodzi, linalo atagwira pachigongono. Ulemu wake unalibe pokonza. Nkhuku inaphedwa, ndipo ndinaidya ndekha m'nyumba pansi pa malata anga, ndikumva achemwali ndi Tadala akuseka kukhitchini.

Sabata yonse zinali choncho. Ndikagwira tsache amandilanda, ndikanyamula ndowa amati ndipume. Akafuna sopo, akapweteka chala, Tadala amathamangira kwa achemwali. Tsiku lachisanu anandifunsa mwaulemu womwewo, "Kodi mubwerera liti?" Paja amati mlendo ndi mame. Ndinangolowa m'nyumba kukalira.

Achemwali ananditsatira. "Usamuone ngati woipa mtima. Anachoka m'manja mwako asanadziwe kanthu. Chithunzi chako chimene unamusiyira chija chinanyowa ndi mvula chaka chachiwiri."

Loweruka masana ndinamupeza yekha kuseri kwa nyumba akuswa mtedza. Atandiona anadzuka kuti akatenge mpando. Ndinamuletsa, nkukhala pansi mbali ina ya lichero. Tinayamba kuswa mtedza. Manja anga anali ataiwala ntchito, zala zimawawa, ndipo mosaganiza ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ija, monga ndinkachitira potsuka mbale za a Ofeliya.

Tadala anasiya kuswa. Anandiyang'ana kumaso, koyamba chibwerere changa, nkukwinya pamphumi ngati akuwerenga zilembo zofufutika. Kenako anatseka maso.

Ndinasiya kuimba.

"Ayi, pitirizani," anatero, maso ali chitsekere. "Ndikatere ndiye ndikukudziwani."

Ndinaimba mpaka kumapeto, nyimbo ya mayi wa ku Cuba amene mwana wake sanaimve ali mwana. Wanga anaimva pachulu, ndipo pa zonse ndinatumiza zaka zisanu ndi zitatu, chimene chinamufika iye mwini chinali chimenecho.

Itatha anatsegula maso. Manyazi anali adakalipo, sanandikumbatire. Anangoyang'ana mulu wanga wa mtedza nkuseka pang'ono.

"Amayi, mukuphwanya mtedza. Taonani mmene ndikuchitira ine."

Za Joni sanatchule. Anakankhira lichero kwa ine, ndipo ndinasendera pafupi kuti andiphunzitse.