Zigamba za aNasibeko

Ndikakumbukira aNasibeko, choyamba kundifika ndi fungo la simbi ya makala ikamadutsa pansalu yatsopano yowazidwa madzi, fungo losakanikirana ndi la mafuta a makina ndi fumbi la ku Kawale lomwe linkalowa paliponse ngakhale utatseka mazenera. Nyumba yawo inali yoyandikana ndi yathu, pakati pathu pali kampanda ka bango kobowokabowoka, ndipo m'mawa uliwonse, ife tisanamwe n'komwe tiyi, makina awo osokera opalasa ndi mapazi amakhala atayamba kale kulira pakhonde. Ankalira pang'ono, n'kuima, sizasi n'kumveka, kenaka n'kuliranso mpaka dzuwa kupendeka.

Anali mayi wamasiye wochokera ku Ntcheu, wamtali, wouma thupi, wa imvi zomwe sankazibisa ndi duku pokhapokha Lamulungu. Ana tonse a mumdadada mwathu tinkawatchula kuti agogo, koma sanali agogo oti ungawakhalire pamiyendo. Ankapalasa makina opanda nsapato, mapini ali kukamwa, choncho mawu awo ankatulukira mbali imodzi ya mlomo, ochepa ndi obaya. Mwana wogwira sizasi yawo ankaona zakuda. Ndi amayi anga sankamwerana madzi kwenikweni, chifukwa madzi otsukira mbale a kwathu ankakonda kuyenderera mpaka pakhomo pawo, ndipo nkhani imeneyi inkabuka mwezi ndi mwezi.

Koma pa ntchito panalibe wowatsutsa. Mzimayi ankabwera n'kufotokoza ndi manja diresi lomwe waona kutchalitchi kapena paukwati ku Biwi, iwo n'kumvetsera osayankha, kenaka n'kutenga pepala la thumba la simenti lomwe analikutumula ndi kulisita, n'kujambulapo ndi kachidutswa ka sopo. Mapateni amenewa ankawakoloweka pamsomali m'chipinda, ena atachita kufiira ndi ukalamba. Miyezo ya anthu sankailemba paliponse. Akakuzunguliza tepi kamodzi, chiuno chako ndi mapewa ako zinkakhala m'mutu mwawo mpaka chaka chamawa.

Chomwe chinkandikopa ine chinali zigamba. Kansalu kalikonse kotsala podula sankakataya. Ankatolera m'matumba atatu, ndipo masana opanda kasitomala ankayala mkeka, n'kukhuthulirapo zonse, n'kuyamba kuzidula timakona anayi ndi timakona atatu. Ankaziyala pamkekapo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali atagwira m'chiuno, kenaka n'kusuntha kamodzi kokha kofiira kuchoka uku kupita uko. Akakhutira ankazilumikiza, n'kuika bulangete lakale m'kati, n'kusoka mizere yodutsana mpaka chituluke chofunda cholemera choti chisanu cha mu Juni sichingakupeze. Tsiku lina nditaloza kansalu kachikasu n'kunena kuti n'koipa, anandiyang'ana m'mbali.

"Chigamba sichiipa pachokha," anatero. "Chimaipa ndi mnzake amene wachiyandikiza naye."

Chaka chomwe ndinali Sitandade 7, mkulu wanga Tiyamike anali Fomu 4. Ndiye anali chiyembekezo cha pakhomo pathu. Bambo athu, omwe anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo, ankamutchula pamaso pa alendo kuti ndi nesi wawo wa mawa. Kutatsala miyezi iwiri kuti mayeso ayambe, msuweni wathu wina anakonza ukwati ndipo ife awiri tinasankhidwa kukafola. Amayi anatipatsa nsalu yobiriwira n'kutiuza kuti tipite kwa aNasibeko, pakuti ngakhale ankakangana, sakanalola telala wina kuigwira nsaluyo.

ANasibeko anayamba kundiyeza ine, msangamsanga, akundidzudzula kuti ndiime mowongoka. Kenaka anazunguliza tepi pachifuwa pa Tiyamike, n'kutsitsira m'chiuno. Pamenepo manja awo anaima. Sanayang'ane nkhope yake. Anachotsa mapini kukamwa limodzilimodzi, n'kuwabaya pakansalu ka pamakina, n'kundiuza kuti ndipite kumsika ndikagule ulusi wobiriwira, ndipo ndisathamange. Ulusi wobiriwira unali pomwepo pawindo, ndinauona ndi maso anga, koma ndinapita.

Pobwerera ndinapeza chitseko chili chotseka, chinthu chomwe sichinkachitika masana. Atatsegula, maso a Tiyamike anali ofiira. Zomwe anakambirana anandiuza Tiyamike yekha patapita zaka. Akuti aNasibeko sanamufunse kuti mwamunayo ndani, sanamulalatire. Anangomuuza kuti siketi yake ya sukulu anaisoka okha miyezi inayi yapitayo ndipo chiuno chake akuchidziwa, n'kumufunsa kuti wadumpha miyezi ingati. Iye atayamba kulira n'kuwapempha kuti asauze munthu, anamulonjeza kuti siketiyo aikulitsa, aiikira mapindo kutsogolo kuti afike nayo pamayeso popanda womuloza chala.

"Koma bodza sindisoka," anamuuza. "Amayi ako amve sabata ino. Ukaopa, tipitira limodzi."

Tiyamike anaopa. Loweruka masana, bambo ali pakhonde kunola mpeni wa pulena, amayi akusankha nyemba, aNasibeko analowa pachipata chathu atavala nsapato ndi duku ngati akupita kumapemphero, siketi ya sukulu ili pamkono. Anapempha mpando, n'kuitana Tiyamike kuti akhale pambali pawo. Ine palibe anandikumbukira, choncho ndinangoima pakhomo. Anaifotokoza nkhaniyo mwachidule, mosazungulira, monga ankanenera kuti nsalu yachepa. Amayi anagwetsa lichero, nyemba n'kumwazikana pabwalo ponse. Bambo anayang'ana mpeni uja, kenaka ananena motsitsa mawu kuti mwana ameneyo si wawo, atenge zake azipita, akafuna kumudzi kwa azakhali ake, akafuna kwa amene wamupatsa mimbayo.

ANasibeko anawakumbutsa za mayeso. Bambo anati mayeso awalembere kumene akupitako. Apo aNasibeko anaimirira, n'kupinda siketi ija bwinobwino.

"Abambo, nyumba ndi yanu, sindingakulamuleni. Koma akatuluka pano alowa kwanga. Muzimuona m'mawa uliwonse akupita kusukulu."

Ndi mmene zinakhaliradi. Tiyamike anatuluka ndi chikwama chake cha mabuku ndi zovala m'jumbo, n'kuyenda mtunda wosakwana n'komwe kuponya mwala. Ankagona pamkeka m'chipinda cha mapateni. Mnyamata yemwe anamupatsa mimbayo anakana, kenaka anasowa m'tauni muno. Amayi ankadikira kuti bambo apite ku shedi kwawo kopalira matabwa, n'kupatsira ndiwo m'kambale pabowo la mpanda, ndipo nkhani ya madzi otsukira mbale sinamvekenso. Bambo anasiya kutulukira kuchipata cha kutsogolo, ankazungulira kuseri kuti asadutse pakhonde la makina. Kunyumba kwathu dzina la Tiyamike silinkatchulidwa. Ine ndinkagona ndekha pabedi lomwe tinkagonapo awiri, ndipo ndinkadana ndi kukula kwa bedilo.

Paukwati uja ndinafola ndekha. Nsalu ya Tiyamike aNasibeko anaisunga, osaidula. Siketi ija inagwira ntchito yake, moti analemba mapepala onse popanda wa kusukulu kudziwa, koma mumdadada nkhani siibisika. Kumpope azimayi ankasiya kulankhula amayi akafika. Ena ankanena mokweza kuti ana a akulu a mpingo ndiwo amakhala otero. Ena anasiya kubweretsa nsalu kwa aNasibeko, amvekere akusunga zonyansa. Iwo anangopitiriza ntchito yawo. Masana ankamukhazika Tiyamike pamkeka n'kumuphunzitsa kudula timakona, akumudzudzula monga ankadzudzulira wina aliyense akapotoza mzere.

Mayeso atatha, mvula yoyamba itagwa, aNasibeko anayamba chinthu chomwe anthu sanachimvetse. Ankavala nsapato n'kuyenda khomo ndi khomo, ngakhale kwa omwe ankanyoza aja, kupempha kansalu. Osati katsopano ayi, koma ka chovala chomwe mwini wake anavalapo. Ankanena poyera kuti akusoka chofunda cha mwana wa Tiyamike. Zigamba anali nazo matumba atatu, aliyense ankadziwa, koma kukana kansalu kakale pamaso pa munthu wamkulu amene waima pakhomo pako n'kovuta. Mayi wina wolongolola kwambiri kumpope anapereka mkono wa bulauzi akung'ung'udza, ndipo patapita masiku awiri anabwera kudzaona pomwe mkono wakewo waikidwa. Anakhala pamkeka, n'kutsutsa kuti sukugwirizana ndi chitenje cha mnzake chomwe chinali pambali pake, mapeto ake n'kumufunsa Tiyamike ngati wayamba sikelo. Ena anatsatira. Pofika Khirisimasi pakhonde paja pankakhala azimayi anayi kapena asanu, aliyense akulondera chigamba chake.

Khomo lomaliza linali lathu. Amayi anali atapereka kale chidutswa cha chitenje chomwe anatiberekera tonse awiri. ANasibeko anawapeza bambo akuchapa m'manja pobwera ku ntchito, n'kuwapempha malaya akale. Bambo anayankha kuti alibe malaya otaya. Iwo anangoti zikomo n'kubwerera.

Panapita sabata yathunthu. M'mawa wina ndikumanga zingwe za nsapato, bambo anatuluka kuchipinda ndi malaya awo abuluu, omwe ankavala ku shedi mpaka kolala kuperepeseka, n'kundiponyera pamiyendo osandiyang'ana.

"Kapereke uko. Atha ntchito. Azipukutira makina."

Ndinathamanga nawo. ANasibeko anawatambasula, n'kuwanunkhiza, akumveka utuchi ndi thukuta, n'kuwayang'ana padzuwa kufuna pomwe nsalu inali yolimba. Tiyamike anawalanda n'kubisamo nkhope. ANasibeko anamusiya alire pang'ono, kenaka anamuuza kuti abweze asanawanyowetse, akufuna kudula kumsana.

Mwana anabadwa mvula ili pakati, wamwamuna. Atatuluka kuchipatala anafikira kwa aNasibeko, ndipo tsiku lachitatu, Lamulungu pobwera kutchalitchi, bambo sanazungulire kuseri. Anaima pakhonde la makina atavala jekete, Baibulo lili m'khwapa, n'kuodira ngati mlendo. ANasibeko anawapatsa mpando, n'kuwaikira mwana m'manja ali wokulungidwa m'chofunda chija. Ndinkaona maso a bambo akuyenda pa zigamba, kudutsa chitenje cha amayi, yunifolomu yanga yakale, nsalu yobiriwira ya ukwati ija, mpaka anapeza buluu wawo m'mphepete mwenimweni, timakona tinayi totsatizana. Anafunsa chifukwa chomwe anawaikira kumapeto.

"Munabwera mochedwa, abambo," anatero aNasibeko. "Pakati panali patadzaza."

Bambo anaseka, kuseka kwawo koyamba m'miyezi isanu, kenaka kusekako kunasanduka china ndipo anaweramitsa mutu pa mwanayo. Madzulo a tsiku lomwelo ananyamula okha chikwama cha Tiyamike kubwerera nacho kunyumba. Sabata yotsatira anakhoma kabedi ka mwana, n'kukonzanso mwendo wa tebulo la makina lomwe linkagwedera kwa zaka.

Tiyamike anakhoza mayeso aja, ngakhale sanakhoze moti n'kukhala nesi. Lero ali ndi shopu yake yosoka ku Area 23, ndipo mwana uja ndi mnyamata wamtali kuposa agogo ake aamuna. ANasibeko anamwalira ine ndili ku koleji ya zauphunzitsi. Pamaliro pawo ndinadabwa kumva azimayi, mmodzimmodzi, akunong'onezana zomwe tepi ija inaona pa matupi awo: wina mimba, wina zipsera za kumenyedwa, wina kuonda kwa matenda omwe panthawiyo anthu sankawatchula dzina. Aliyense ankayesa kuti ndi iye yekha. Palibe ngakhale mmodzi amene anamvapo nkhani ya mnzake kuchokera pakhonde lija.

Ine kusoka kunandikanika, batani lenilenilo ndimapititsa kwa Tiyamike. Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale ku Area 25. Chaka chatha mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, wanzeru, wokonda kukhala kutsogolo, anasamukira kumbuyo n'kuyamba kuvala juzi dzuwa likuswa mtengo. Ndinamuyang'ana masiku atatu. Tsiku lachinayi, belu litalira, ndinatuma anzake onse kukasiya mabuku ku ofesi, ndinatseka chitseko, n'kukhala pa desiki yoyandikana ndi yake. Mawu onse omwe ndinakonza anathawa. Ndinangomuuza kuti sindimufunsa kuti ndani, koma kwa amayi ake tipitira limodzi.

Anandiyang'ana, kenaka anayamba kulongedza mabuku m'chikwama.

"Kwathu ndi ku Mgona, madamu," anatero. "Ndi kotalikirapo."

Ndinamuuza kuti nsapato zanga ndi zafulati, tiyenda.